Nsambo za gitala yamagetsi: ndigule zanambala yanji, nanga ndizisintha liti?

Funso

Ndakhala ndikuimba gitala yamagetsi kwa chaka ndi miyezi ingapo. Gitala yanga ndi yamtundu wa Stratocaster, ndipo chiigulireni nsambo ndasinthako imodzi yokha, yoyamba ija, chifukwa yaduka kawiri. Zinazo zachita dzimbiri, ndipo ngakhale nditchune bwanji, ndikamaimbira kumtunda kwa khosi, cha kufupi ndi thupi la gitala, mawu amasemphana. Mnzanga wina akuti ndigule nsambo zonenepa chifukwa ndi zimene zimatulutsa mawu enieni. Wina akuti ndizisintha mwezi uliwonse. Ndigule zotani, ndipo ndizisintha pakapita nthawi yaitali bwanji?

Yankho

Ndiyambe ndi zoti muchite msanga, zifukwa zake zibwera pambuyo. Vulani nsambo zonse 6, musasiyeko ina poti ikuoneka ngati idakali ndi moyo. Ikani seti yatsopano ya nambala yofanana ndi yomwe inalipo. Magitala ambiri amtundu wa Stratocaster amachoka kufakitale ali ndi 9-42 (manambalawa ndiwafotokoza pansipa), choncho ngati nambala ya nsambo zanu simukuidziwa, yambirani pamenepo, ndipo mutenge zamtundu wamba zolembedwa kuti nickel wound. Za kunenepa kwa nsambo musathamangire. Gitala ya nsambo zadzimbiri singakuuzeni zoona, ndipo mutha kuweruza nambala 9 kuti ilibe mawu pomwe vuto ndi ukalamba wake basi.

Kusemphana kwa mawu kumtunda kwa khosi kuja n'kumene kwanditsimikizira kuti nsambo zanu zinatha kalekale. Amene anaika ma fret, tizitsulo topingasa tija, pakhosi la gitala anawerengera nsambo yofanana kunenepa ndi kulemera kuyambira kumutu mpaka ku bridge, chitsulo chogwira nsambo pathupi la gitala. Nsambo ikatumikira miyezi yambiri, kufanana kumeneko kumatha. Kunsi kwake kumaphwatalala paliponse pamene imagundana ndi fret, pena dzimbiri ladyako, pena litsiro ladzaza m'mipata ya waya wokulunga. Mukaitchuna osaigwira, tyuna, kachipangizo kotchunira kaja, imavomera. Mukangoidinikiza pa fret 12, mbali yomwe yatsala kuti injenjemere sikhalanso theka lenileni la kulemera kwa nsambo yonse, ndiye mawu amakwera kapena kutsika pang'ono. Ambiri akaona zimenezi amayamba kusuntha ma saddle, tizitsulo ta pa bridge timene nsambo zimatsamirapo, n'kudzazindikira ataika nsambo zatsopano kuti asokoneza gitala yomwe inali bwinobwino. Ma saddle amasunthidwa nsambo zili zatsopano basi. Zatsopanozo zikakhazikika, tchunani nsambo osaigwira, kenaka idinikizeni pa fret 12 mopepuka monga muchitira poimba. Tyuna ikaonetsa kuti mawu akwera mopitirira, bwezani saddle m'mbuyo, kutali ndi khosi. Ikaonetsa kuti atsika, isunthireni kutsogolo. Nthawi zambiri mupeza kuti palibe n'chosuntha chomwe.

Manambala a papaketi aja akunena za kunenepa kwa nsambo yoyamba, yowonda kwambiri ija, ndi yomaliza, yonenepa kuposa zonse. Muyezo wake ndi inchi imodzi yogawidwa ka 1,000. Nsambo ya 9 ndi inchi 0.009, pafupifupi mamilimita 0.23, ndipo ya 10 ndi mamilimita 0.25. Kusiyana kotereku diso silingakuone, koma chala chimakumva tsiku lomwelo. Mukachoka pa 9 kupita pa 10, kunenepa kwawonjezeka ndi 11 peresenti yokha, koma mphamvu yofunika kuti nsamboyo ikungike mpaka kufika pa noti yake ya E yawonjezeka ndi 23 peresenti, chifukwa chitsulo chimachuluka mbali zonse za waya, osati mbali imodzi. Pa gitala ngati yanuyo nsambo yoyamba ya 9 imakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 6, ya 10 imapitirira 7. Seti yonse ya 9-42 imakoka khosi ndi makilogalamu pafupifupi 38, ya 10-46 pafupifupi 46. Makilogalamu 8 owonjezerawo amasenzedwa ndi zinthu ziwiri, khosi la gitala ndi zala zanu.

Nambala yomweyo siimveka chimodzimodzi pa magitala onse. Pa Stratocaster ndi Telecaster, mtunda wochokera pa nut, kachidutswa ka timipata kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi, kufika pa saddle ndi mainchi 25.5, kapena kuti mamilimita 648. Pa Les Paul ndi SG za Gibson ndi mainchi 24.75, pafupifupi mamilimita 629. Nsambo yaitali imafunika kukungidwa kwambiri kuti ifike pa mawu omwewo, choncho 10-46 yomwe ndi yofewa bwino pa Les Paul imalimbirapo pa Stratocaster. N'chifukwa chake oimba ambiri okhala ndi magitala onse awiri amaika 9 pa yaitaliyo ndi 10 pa yaifupiyo kuti zala zisamadabwe akasinthanitsa. Mnzanu wa nsambo zonenepa uja mum'funse kaye gitala imene amaimba komanso mmene amaitchunira.

Zoti nsambo zonenepa ndi zimene zili ndi mawu enieni ndazimva kambirimbiri, ndipo dzina limene limatchulidwa nthawi zonse ndi la Stevie Ray Vaughan. N'zoona, iye ankakonda nsambo zoyambira pa 13. Chimene okamba nkhaniyi amadumpha n'chakuti ankatsitsa gitala yonse ndi theka la noti, kuchoka pa E kupita pa E flat, zimene zimafewetsa nsambo, komanso anali ndi dzanja lamphamvu loimba usiku ndi usiku. Ku mbali inayo kuli Billy Gibbons wa gulu la ZZ Top, amene amaimba ndi nsambo zoyambira pa 7, ndipo mwini wake amafotokoza kuti B.B. King ndi amene anamuchititsa kusiya nsambo zolimba. Palinso Tony Iommi wa Black Sabbath. Iye anaduka nsonga za zala ziwiri pangozi ya kufakitale ali mnyamata, motero anakakamizika kugwiritsa ntchito nsambo zowonda kwambiri, koma palibe amene anganene kuti gitala yake imamveka yowonda. Mbiri ya nsambozi payokha ikutsutsana ndi mnzanuyo. M'zaka za m'ma 1950 maseti ogulitsidwa anali onenepa, oyambira pa 12 kapena 13, nsambo yachitatu ili yokulunga. Oimba ena ankaika nsambo ya banjo pamalo a yoyamba, n'kusunthira zinazo malo amodzi, yonenepa kwambiriyo n'kuitaya, pofuna kuti azitha kukankha nsambo mosavutika. Ernie Ball ataona njala imeneyi anayamba kugulitsa maseti owonda a Slinky mu 1962 ku California. Nyimbo zambiri za rock zimene anthu amati zili ndi mawu aakulu zinajambulidwa ndi nsambo zowonda.

Sindikunena kuti kunenepa kulibe phindu. Chitsulo chikachuluka pamwamba pa pickup, maginito otola mawu a nsambo aja, mawu amakulirapo pang'ono, ndipo mukamaimba ampu (chokuzira mawu) ili yoyera, popanda distortion yochititsa mawu kukhala okhakhala, kudzaza kwake kumamveka. Phindu lalikulu koposa ndi kukhazikika. Nsambo yowonda mukaimenya mwamphamvu imayamba yakwera mawu kenaka n'kubwerera, ndipo mukaifinya kwambiri pa fret yaitali imakweranso. Munthu wa dzanja lolemera akaimba ndi 9, ma chord ake, manoti angapo omenyedwa pamodzi aja, amamveka ngati gitala sinatchunidwe pomwe tyuna ikuti zonse zili bwino. Woteroyo 10 kapena 11 imam'thandizadi. Chimodzimodzinso amene amatsitsa gitala kufika pa D kapena C: nsambo zowonda zimalendewera, zimagunda ma fret, ndiye 11 kapena 12 ndi yofunika. Koma ngati mumatchuna mwachizolowezi, mumakonda kukankha nsambo kuti mawu akwere, chimene oimba amangoti bend, ndipo mwaimba chaka chimodzi chokha, nsambo zonenepa zingokubwezani m'mbuyo. Bend wosafika pamalo ake amamveka moipa kuposa nsambo yowonda iliyonse, ndipo mkono wopweteka umachepetsa maola oyeserera.

Pali maseti apakati amene anthu ambiri sawadziwa. 9-46 ili ndi nsambo zitatu zowonda za seti ya 9 ndi zitatu zonenepa za seti ya 10, yabwino kwa munthu wofuna bend wofewa koma amamenya ma chord mwamphamvu. 10-52 ndi ganizo lomwelo koma molemererapo. Ilipo ngakhale 9.5-44. Mukamaliza seti ziwiri za 9-42 n'kumaonabe kuti nsambo zonenepa zikuterereka pansi pa pick, kapulasitiki komenyera nsambo kaja, yesani 9-46 musanalumphire pa 10.

Ndikukuletsani kulumphalumpha chifukwa gitala imakonzedwa molingana ndi nambala imodzi. Mukanenepetsa nsambo, khosi limapindikira kutsogolo pang'ono, nsambo n'kukwera kutali ndi ma fret, ndipo pamafunika kumanga truss rod, kachitsulo kodutsa mkati mwa khosi kaja. Pa Stratocaster palinso tremolo, bridge yogwedezeka ndi kandodo kotsitsira kapena kukweza mawu. Bridge yake imakokedwa ndi nsambo kutsogolo, masipuling'i a kumsana kwa gitala akuikokera m'mbuyo. Nsambo zikaposa mphamvu, bridge imatukuka kumbuyo kwake, ndipo muyenera kumanga masikuluwu awiri ogwira masipuling'iwo kapena kuwonjezera sipuling'i ina. Timipata ta pa nut natonso tinasemedwa molingana ndi nsambo zinazake. Nsambo yonenepa ikapanikizika m'menemo mumamva kaphokoso koti "ting" potchuna, mawu n'kudumpha, ndipo gitala siikhalanso pamalo mukagwira tremolo. Kuchoka pa 9 kupita pa 10 nthawi zambiri kumafuna kukonza pang'ono chabe. Kuchoka pa 9 kupita pa 11 ndi ntchito yathunthu, ndipo ngati truss rod simunaigwirepo, ipatseni mmisiri. Mukafuna kuyesa nokha, potozani pang'ono kwambiri, osapitirira kota ya kuzungulira kumodzi, kenaka tchunani n'kuonanso. Ikalimba musaikakamize.

Za chitsulo chimene nsambo yapangidwira, pali mfundo imodzi imene imachotsa chisokonezo chambiri. Nsambo zitatu zowonda, zosakulunga zija, pafupifupi m'maseti onse ndi waya wachitsulo cholimba wokutidwa mopyapyala kuti usachite dzimbiri msanga. Mawu akuti nickel, stainless kapena cobalt papaketi akunena za waya wokulunga nsambo zitatu zonenepa. Choncho wina akakuuzani kuti pure nickel yasintha kamvekedwe ka solo yake yonse, pomwe solo yakeyo amaimbira pa nsambo yoyamba ndi yachiwiri, dziwani kuti chimene akumva ndi utsopano wa nsambo. Nickel wound wamba ndi chitsulo chokutidwa ndi nickel, ndipo chimayenda ndi nyimbo zamtundu uliwonse. Pure nickel imamveka mofatsa, mosalasa makutu, yabwino pa gitala yomwe mawu ake ndi akuthwa mopitirira. Stainless ndi yakuthwa, siichita dzimbiri msanga, koma imakanda pang'ono kuzala ndipo ndi yolimba pa ma fret wamba. Chimene musayese n'komwe ndi kuika nsambo za gitala yosalumikiza kumagetsi. Pickup ndi maginito wokulungidwa ndi waya, ndipo imangomva zinthu zokokedwa ndi maginito. Mkuwa wokulunga nsambo zimenezo sukokedwa, motero pickup imangomva kawaya ka mkati, nsambo zonenepa n'kumamveka motsika pomwe zowondazo zikukuwa. Za nayiloni ndiye sizimveka n'komwe.

Ma flatwound, osalala aja, ndi a oimba jazz ndi ena ofuna mawu ofatsa opanda phokoso la zala. Amakhalitsa, koma ndi olimba ndipo ambiri amabwera ndi nsambo yachitatu yokulunga, yovuta kuikankha. Pakadali pano alekeni.

Nsambo zokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala ndi nkhani yoyenera kuiganizira, makamaka poti mwatchula dzimbiri. Zinatchuka ndi Elixir, zimene kampani ya W. L. Gore, yomweyo yopanga Gore-Tex, inatulutsa mu 1997, ndipo lero makampani ena akuluakulu ali nazo zawo. Chokutiracho chimatseka mipata ya waya wokulunga kuti thukuta ndi litsiro zisalowe, motero kuwala kwa mawu kumakhalitsa. Kwa munthu wa thukuta loopsa, kapena amene gitala yake imakhala masabata osagwiridwa, n'zaphindu ngakhale mtengo wake uli wokwera. Koma chokutira sichiletsa ma fret kudya kunsi kwa nsambo, ndipo sichiletsa chitsulo kutopa. Nsambo yokutidwa itha kumamveka yowala koma ikusemphana kale kumtunda kwa khosi, ndipo mwini wake amachedwa kuzindikira chifukwa khutu likumuuza kuti zonse zili bwino. Ena sazikondanso chifukwa zimaterera kuzala. Ineyo ndimaziona zoyenera gitala yachiwiri, yongodikira pambali, kuposa yoimba tsiku ndi tsiku, koma pamenepa manja amasiyana.

Tibwere ku funso la nthawi. Mnzanu wa mwezi uliwonse uja sanalakwe kwenikweni, kungoti wakupatsani muyezo wa manja ake. Nsambo siiwerenga masiku a pakalendala. Zimene zimaipha ndi maola oimba, thukuta la woimbayo ndi chinyezi cha pamalo pamene gitala imakhala. Thukuta lili ndi mchere, ndipo anthu timasiyana kwambiri pamenepa. Pali anthu amene akabwereka gitala yanu kwa theka la ola, mawa lake nsambo zowonda zada bii. Pali ena a manja ouma amene seti imodzi imawafikitsa miyezi itatu ikuwalabe. Kumalo achinyezi kapena kufupi ndi nyanja yamchere, nsambo zimachita dzimbiri ngakhale gitala itangopachikidwa pakhoma osaigwira.

Ngati mukufuna poyambira, nayi miyezo imene ndimapatsa anthu, ndipo ndi yongoyambira basi. Woimba ola limodzi tsiku lililonse ndi nsambo zosakutidwa asinthe pakati pa masabata 4 ndi 8. Wongogwira gitala kawiri kapena katatu pa sabata atha kufika miyezi itatu, koma asapitirire kwambiri pamenepo. Woimba pasiteji, pansi pa magetsi otentha, thukuta lili kamukamu, amafunika kusintha akaimba maulendo awiri kapena atatu, osati chifukwa mawu atha koma chifukwa nsambo yoduka pakati pa nyimbo ndi manyazi, ndipo pa gitala ya tremolo yoyandama nsambo imodzi ikaduka zotsala zonse zimakwera mawu nthawi yomweyo. Wopita kukajambula ku situdiyo asinthe dzulo lake. Ndati dzulo lake, osati m'mawa wa tsikulo, chifukwa nsambo zongoikidwa kumene zimatsika pafupipafupi ndipo zimakhala ndi kuthwa kwinakwake kumene oimba ambiri sakukonda. Zimakoma zikaimbidwa ola limodzi kapena awiri.

Chodalirika kuposa manambalawa ndi kuphunzira kufunsa nsambo zenizenizo. Lowetsani chala kunsi kwa nsambo yoyamba n'kuchiyendetsa kuchokera pa pickup mpaka cha kumutu. Yamoyo imaterera. Yotha imakanda, pena mumamva timabampu, ndipo chala chimatuluka ndi mzere wakuda. Khwefulani nsambo yachinayi n'kuitembenuza muone kunsi kwake: mukaona timalo tophwatalala tonyezimira molingana ndi ma fret, waya wokulunga wadyeka, ndipo posachedwa ayamba kumasuka. Yang'ananinso tyuna. Nsambo yabwino mukaimenya, muvi umakhazikika msanga, koma yotha imauyendetsa uku ndi uku osaima. Khutu ndi limene limanamiza kwambiri, chifukwa mawu amazilala pang'onopang'ono ndipo munthu umazolowera, n'kumangowonjezera treble, kuthwa kwa mawu, pa ampu sabata ndi sabata osadziwa chifukwa chake. Mukazindikira kuti treble mwaikweza kuposa kale pa gitala yomweyo, nsambo zatha.

Pali oimba amene amakondadi nsambo zozilala, ndipo sindilimbana nawo pa nkhani ya kukoma kwa mawu. Pa dzimbiri pokha ndiye sindigonja. Nsambo yadzimbiri ili ngati tupa: bend aliyense amene mukupanga ikupala fret, ndipo ma fret akakumbika timaenje, kuwasalaza kapena kuwasintha ndi ntchito yodula kuposa maseti ambirimbiri a nsambo. Kuumira pa nsambo kumalipidwa ndi khosi la gitala.

Nsambo yoyamba yoduka kawiri ija ikufuna kufufuzidwa payokha, chifukwa mwina si ukalamba wokha. Ikadzadukanso, musaitaye musanaone pamene yadukira. Ikamadukira pa saddle nthawi zonse, pamenepo pali kachitsulo kakuthwa kamene nsambo zakale zinasema. Yendetsanipo kathonje, mukaona kakukodwa ndiye kuti mwapapeza, ndipo sandipepa wosalala kwambiri amathetsa vutolo m'mphindi zochepa. Pa Stratocaster yang'ananinso m'mphepete mwa kabowo kamene nsambo imatulukira pa bridge isanakwere pa saddle, chifukwa napo pamadula. Ikamadukira kumutu, pa chitsulo chokulungirapo, m'mphepete mwa bowo lake ndi mwakuthwa, kapena mumaikhwefula ndi kuikunga kawirikawiri mpaka chitsulo chatopa pamalo amodzi. Ikamasuka kumapeto, pa kamkanda kogwirira ku bridge, nthawi zambiri ndi nsambo yopangidwa mosalongosoka. Ikadukira pakati pa khosi, ndi dzimbiri kapena fret yokumbika. Kunenepetsa nsambo pofuna kuthawa kuduka n'kubisa matenda, chifukwa saddle yakuthwa imadula ya 10 monga imadulira ya 9, kungoti imachedwerapo. Ndipo nsambo imodzi ikaduka seti ili ndi sabata imodzi kapena awiri, sinthani yokhayo. Seti ikakhala yakale, sinthani zonse, apo ayi yatsopanoyo izikuwa yokha pakati pa zinzake zozilala. N'chanzeru kusunga nsambo zapadera zingapo za 9 ndi 11, zomwe ndi yoyamba ndi yachiwiri pa seti ya 9-42.

Kaikidwe kake kamathandiza kapena kuwononga kuposa dzina la kampani. Khwefulani nsambo musanaidule, musaidule ili chikungikire. Ngati bridge yanu ndi yoyandama, monga Floyd Rose kapena tremolo yotukuka kumbuyo, sinthani imodziimodzi, kapena ikani kansalu kopindapinda pansi pa bridge kuti isagwere mkati. Pa magitala ena kuvula zonse nthawi imodzi sikuwononga khosi, ndipo kumakupatsani mpata wopukuta litsiro la m'mbali mwa ma fret. Mukalowetsa nsambo m'bowo la chokulungira, ikokeni iwongoke, kenaka ibwezeni m'mbuyo masentimita 4 kapena 5 kuti ikhale ndi yokulunga. Zonenepa zizungulire kawiri kapena katatu, zowonda kanayi kapena kasanu, mzere uliwonse ukhale pansi pa unzake mosakwerana. Mulu wa nsambo wopiringizana pa chokulungira ndi umene umachititsa magitala ambiri kusakhala pamalo, anthu n'kumanamizira zokulungirazo. Ngati papaketi palembedwa round core, pindani nsambo kaye musanadule kumapeto kwake, chifukwa waya wokulunga pa nsambo zimenezi umatha kumasuka, nsambo n'kufa isanaimbidwe. Musanaike nsambo pa nut, pakani m'timipata take nsonga ya pensulo kuti izitsetsereka. Mukatchuna, kokani nsambo iliyonse pang'onopang'ono m'litali mwake, tchunaninso, bwerezani mpaka italeka kutsika. Pokunga nsambo yoyamba nkhope ikhale patali, chifukwa ikaduka imalasa. Ndipo nthawi zonse fikani pa noti mochokera pansi: mukapitirira, tsitsani kaye kenaka mukwerenso.

Chotalikitsa moyo wa nsambo n'chosavuta moti anthu amachinyozera. Sambani m'manja n'kuwaumitsa musanagwire gitala. Mukamaliza kuimba, tsinani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma n'kukayendetsa uku ndi uku, kuti kapukute ndi kunsi komwe, chifukwa thukuta limabisala kumeneko. Kupukuta pamwamba pokha n'kungodzisangalatsa. Kenaka gitala ilowe m'chikwama chake. Mankhwala opukutira nsambo ogulitsidwa aja amathandiza pang'ono, koma sangapose kansalu kogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, ndipo mafuta ongotola musapake, amakoka fumbi ndipo ena amawononga thabwa la pakhosi. Zowiritsa nsambo m'madzi zimachitika pakati pa oimba bass, poti nsambo zawo ndi zodula ndipo zili ndi mipata ikuluikulu yosunga litsiro. Pa gitala n'kutaya nthawi: kuwala kumabwerera masiku ochepa, kudyeka kwa kunsi kuli pomwepo, ndipo nsambo yovulidwa n'kubwezeretsedwa imadukira pamene inapindika.

Za makampani sindikhalitsapo. Super Slinky ya Ernie Ball ndi EXL120 ya D'Addario zonse ndi 9-42, Regular Slinky ndi EXL110 ndi 10-46, ndipo GHS, Rotosound ndi Fender ali nazo zofanana nazo. Kusiyana kwa makampaniwa kulipo koma n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kwa nsambo yatsopano ndi ya miyezi 6. Sankhani imene mungamaipeze mosavuta nthawi zonse, muikakamire, ndipo lembani tsiku limene mwaika pa paketi yopanda kanthuyo n'kuisunga m'chikwama cha gitala. Mukasintha katatu mukutsatira zizindikiro ndatchula zija, masiku olembedwawo akuuzani muyezo wa manja anu, ndipo ungakhale masabata atatu kapena miyezi iwiri.

Chenjerani ndi nsambo zachinyengo, chifukwa mayina otchukawa amaberedwa kwambiri ndipo mapaketi ake amafanana zedi ndi enieni. Zachinyengo zimadziwika ndi timadontho ta dzimbiri zisanaikidwe n'komwe, waya wokulunga wosalingana, kuduka potchuna koyamba, ndi kusemphana kumtunda kwa khosi zidakali zatsopano. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani. D'Addario amasindikiza nambala yapadera pa kathumba ka mkati imene mungaitsimikizire pa intaneti. Mukamagula maseti angapo nthawi imodzi, tengani a m'mapaketi omata osalowa mpweya, amene amasungika nthawi yaitali osawonongeka. A m'timaenvulopu ta pepala amayamba dzimbiri ali m'kabati momwemo ngati m'chipindamo muli chinyezi, choncho amenewo muziwasunga m'kathumba ka pulasitiki kotseka bwino, ndipo muziyamba kugwiritsa ntchito amene munagula kale.